Mphamvu Zotha ndi Mphamvu Zosatha

Palibe ntchito imene imagwirika popanda mphamvu. Mlimi amadya nsima kuti apeze mphamvu zolimira. Nsimayo siipsa popanda moto, ndipo moto sukolera popanda nkhuni kapena makala. Galimoto imamwa petulo kapena dizilo. Chigayo chimalira magetsi. Nayenso dokotala amadalira magetsi pochita opaleshoni ndi posunga mankhwala m'firiji. Motero dziko lililonse liyenera kuyankha funso ili: kodi mphamvu zonsezi zichokere kuti? Funsoli limaoneka lapafupi, komatu lakhala likutsutsanitsa akatswiri, atsogoleri ndi mayiko kwa zaka zambiri.

Magulu awiri

Zinthu zopatsa mphamvu zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zotha, monga malasha, mafuta ndi gasi. Malasha si makala ayi. Makala amaotchedwa ndi anthu kuchokera ku mitengo, pamene malasha ndi miyala yakuda yoyaka moto imene imakumbidwa m'migodi. Malashawo adachokera ku mitengo ndi zomera zina zimene zidafotsereka m'madambo zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mafuta nawo adachokera ku tizilombo ndi tizomera ta m'nyanja timene tidafa ndi kukwiririka m'matope kalekalelo. Popeza zinthuzi zidatenga nthawi yaitali chotere kuti zipangike, zikatha zatha. Zili ngati chimanga cha m'nkhokwe ya munthu wopanda munda: chimene watapa lero sichibwereranso.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zosatha, monga madzi oyenda, dzuwa ndi mphepo. Dzuwa limene laumitsa ufa pamphasa lero lidzatulukanso mawa. Mtsinje umene wazunguza makina m'mawa umakhala ukuyendabe madzulo. Mitengo ili pakatikati. Imakhala yosatha pokhapokha anthu akamadzala yambiri kuposa imene akudula.

Magetsi a mu Shire

Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera ku mtsinje wa Shire. Mtsinjewu umatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, ndipo pakati pa Matope ndi Chikwawa umatsetsereka mwaliwiro m'mathithi ambiri. Pamathithi ena akatswiri adamangapo madamu. Madzi a m'damu amalowa m'mapaipi akuluakulu, n'kukagwa mwamphamvu pamapiko a makina. Mapikowo akamazungulira amazunguza jenereta, monga momwe gudumu la njinga limazunguzira dainamo kuti nyale iyake. Mphamvu ya makina otere amaiyeza ndi muyeso wotchedwa megawati. Megawati imodzi ingathe kuyatsa mababu 10,000 a mawati 100 nthawi imodzi.

Makina oyamba a pa Shire adayamba kugwira ntchito pa Nkula mu 1966, ndipo ankatulutsa mamegawati 24. Ena adatsegulidwa pa Tedzani mu 1973, enanso pa Kapichira mu 2000. Kumpoto, m'boma la Karonga, kuli makina aang'ono pa mtsinje wa Wovwe. Kuyambira mu 2017 makina onsewa amayendetsedwa ndi bungwe la EGENCO, pamene ESCOM imatumiza magetsiwo m'mawaya ndi kuwagulitsa.

Magetsi a madzi satulutsa utsi, ndipo madziwo sagulidwa kunja. Koma pali vuto limodzi lalikulu: makina akuluakulu onse ali pa mtsinje umodzi. Mtsinjewo ukadwala, dziko lonse limadwala nawo. Kale, kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935, nyanja idaphwa kwambiri kotero kuti madzi ake adaleka kutulukira mu Shire. Nthawi imeneyo kudalibe makina amene akadaima. Koma mvula itavuta mu 2015 ndi mu 2016, nyanja idatsikanso, ndipo mu 2017 magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Zigayo zidangoti zii. Owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi adakhala manja lende. Mu 2018 dziko lidachita kubwereka majenereta a dizilo ku kampani ina yakunja, ndipo magetsi ake adali okwera mtengo kuposa a madzi.

Mu Januwale 2022 vuto lidabwera mwa mtundu wina. Namondwe wotchedwa Ana adadzaza Shire mpaka madzi adagumula mbali ina ya damu la Kapichira. Nthawi yomweyo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sadagwirenso ntchito mpaka mu 2023. Choncho madzi akachepa kumagwa mdima, akachulukitsa kumagwanso mdima. Apa ndiye pagona mtsutso: kodi Shire athandizane ndi chiyani?

Ofuna malasha

Anthu ena amati yankho ndi malasha. Moto wa malasha umawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndiyo imazunguza jenereta. Ubwino wake, iwo amati, ndi wakuti malasha sadikira mvula, dzuwa kapena mphepo. Amayaka usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Amakumbutsanso kuti malashawo ali pafupi. Ena amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi. Ku Moatize, m'dziko la Mozambique, kuli migodi ikuluikulu imene malasha ake amadutsa m'Malawi pa sitima popita kudoko la Nacala. N'chifukwa chake padabadwa ganizo lomanga makina a malasha a mamegawati 300 pa Kam'mwamba m'boma la Neno, pafupi ndi njanjiyo. Anthu amenewa amatinso mayiko monga Britain adalemera ndi malasha omwewa. Nanga dziko losauka aliletserenji kudzera njira yomweyo?

Ofuna dzuwa ndi mphepo

Ena amakana kwamtuwagalu, ndipo ali ndi zifukwa zitatu. Choyamba, utsi wa malasha umadwalitsa chifuwa, ndipo phulusa lake limaononga madzi ndi nthaka. Chachiwiri, malasha ndi mafuta akamayaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon dioxide. Mpweya umenewu ukachuluka mumlengalenga umakhala ngati bulangeti lofunditsa dziko lapansi: kutentha kwa dzuwa kumalowa, koma kumavutika kutuluka. Dziko likamatentha, nyengo imasokonekera. Chilala chimabwera pafupipafupi, ndipo anamondwe amadza ndi mvula yoopsa. Motero munthu wootcha malasha pothawa chilala akuitana chilala chomwecho. Chachitatu, mayiko ena ayamba kuwasiya malashawo. Mu 2021 dziko la China lidalengeza kuti silidzamanganso makina atsopano a malasha m'mayiko ena, ndipo Britain yemwe uja adatseka makina ake otsiriza opangira magetsi ndi malasha mu 2024.

Gulu limeneli limaloza kumwamba. Malawi ali ndi dzuwa lambiri, ndipo pali magalasi a sola amene amasandutsa kuwala kwake kukhala magetsi. Ku Salima kuli munda waukulu wa magalasi otere umene udatsegulidwa mu 2021, ndipo ungathe kutulutsa mamegawati 60. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, kudatsegulidwa wina wa mamegawati 20 mu 2022, wokhala ndi mabatire akuluakulu osungiramo magetsi. Kumudzi nako galasi limodzi padenga limayatsa nyale ndi kutchaja foni popanda kudikira mapolo a ESCOM.

Mphepo nayo ili ndi ntchito. Mu 2002 mnyamata wa zaka 14, William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, adali atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Atawerenga buku la m'laibulale, adatola zitsulo zotayidwa, ziwalo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina oyendera mphepo amene adayatsa nyale m'nyumba ya makolo ake. Mbiri yake idamveka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Komabe ofuna malasha sagonja msanga. Amafunsa kuti nanga usiku, kapena tsiku la mitambo, magetsi achokere kuti? Amati mabatire ndi okwera mtengo ndipo amatha mphamvu pakapita zaka, magalasi amagulidwa kunja, ndipo munda wa magalasi umatenga malo amene anthu akadalimapo. Zonsezi n'zoona. Anzawo aja amayankha kuti dzuwa ndi madzi zingathe kulandizana ntchito ngati amayi awiri osinja pamtondo umodzi, wina akamakweza munsi mnzake akutsitsa. Masana dzuwa ligwire ntchito madzi ena akusungika m'damu, ndipo likalowa madziwo alandire.

Mafuta a galimoto

M'Malawi simukumbidwa mafuta. Petulo, dizilo ndi palafini zonse zimachokera kunja, kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko limapeza likagulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. Ndalamazo zikachepa, galimoto zimandanda mizere italiitali pamalo omwetsera mafuta, monga zidachitikira mu 2011 ndi mu 2022. Mafuta akakwera mtengo, sopo ndi mchere zimakweranso, pakuti zimafika kusitolo pa galimoto.

Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 1982 ku Dwangwa kudatsegulidwa fakitale yopanga ethanol, mafuta ochokera ku madzi okhuthala amene amatsala popanga shuga. Mafuta amenewa amasakanizidwa ndi petulo. Popeza nzimbe imaphukanso ikadulidwa, ethanol ali m'gulu la zosatha, ngakhale kuti nzimbeyo imafuna malo ndi madzi ambiri.

Nkhuni ndi makala

Mphamvu imene anthu ochuluka amadalira si magetsi kapena petulo ayi, koma mtengo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo oposa 90 pa 100 alionse ankaphikira nkhuni kapena makala.

Mtengo ndi magetsi zimaoneka zotalikirana, koma n'zapachibale. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya mu Shire. Matope amadzaza madamu, ndipo chonde chokokolokacho chimanenepetsa namasupuni ndi udzu wina umene umatseka njira ya madzi opita kumakina. Magetsi akazima, anthu a m'tauni amathamangira makala. Makala akamayenda malonda, mitengo inanso imagwa. Choncho nkhwangwa ya kuphiri imazimitsa babu la m'tauni.

Apanso pali mtsutso. Malamulo amaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo alangizi a za nkhalango amati mapiri akayera, mitsinje idzauma. Wootcha makala amafunsa kuti akaleka, ana ake adya chiyani. Wogula naye amafunsa kuti aphikira chiyani. Aliyense ali ndi mfundo yomveka. N'chifukwa chake kuletsa kokha sikukwanira. Pafunikanso njira zina zopezera ndalama, magetsi odalirika, mitengo yochita kudzala, ndi mbaula zosamala nkhuni monga Chitetezo mbaula, imene imaumbidwa ndi dongo.

Mtsutso wa mayiko

Utsi sudziwa malire a dziko. Chifukwa cha ichi, mu 2015 mayiko adakumana mumzinda wa Paris ku France n'kugwirizana zochepetsa mpweya wotenthetsa dziko lapansi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene adavomereza panganolo. Komabe kutsutsana sikudathe. Africa yense amatulutsa magawo pafupifupi 4 okha pa 100 alionse a carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, koma amavutika kwambiri nyengo ikasokonekera. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu mazana ambiri m'chigawo chakumwera ndi kukokolola midzi, minda ndi milatho. Mayiko osauka amati akulipira ngongole imene sadakongole, ndipo olemera ayenera kuwathandiza. Pamsonkhano wa ku Egypt mu 2022 mayiko adavomereza kukhazikitsa thumba la ndalama zothandizira okumana ndi ngozi zotere. Funso lotsala ndi lakuti ndani aponyemo zingati.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Njira iliyonse yopezera mphamvu ili ndi matope ake. Madzi amaphwa, dzuwa limalowa, mphepo imaleka, malasha ali ndi utsi, ndipo mafuta amadya ndalama zakunja. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi, dzuwa ndi mphepo zimabweranso, pamene malasha ndi mafuta zikapita zapita. Mphika sukhazikika pafuwa limodzi. Umalira mafuwa atatu. Chimodzimodzinso dziko siliyenera kutsamira pa mtsinje umodzi. Ndipo popeza mtsinjewo umadalira mitengo, mwana wa sukulu amene amadzala mtengo m'nyengo yodzala mitengo, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, n'kuusamala mpaka utakula, wayankha kale mbali yake ya funso lija.

Mafunso

1. Kodi malasha amasiyana bwanji ndi makala?
2. Tchulani malo atatu a pa mtsinje wa Shire pamene pali makina opangira magetsi.
3. N'chifukwa chiyani magetsi adavuta mu 2017? Nanga mu 2022?
4. Fotokozani momwe kudula mitengo kuphiri kumazimitsira magetsi m'tauni.
5. Kodi mwambi wakuti "walira mvula walira matope" ukutanthauzanji m'nkhaniyi?
6. Gawanani m'magulu awiri ndi kuchita mtsutso pa mutu uwu: "Malawi amange makina opangira magetsi ndi malasha."