Voti ya mayi ndi yake yekha

Anthu akuluakulu a kuno ku Mecanhelas sadaiwale za Okutobala 1994. Nkhondo inali itangotha kumene ndi mgwirizano wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992, ndipo mabanja ambiri anali atangobwera kuchokera kothawa ku Malawi. Kuyambira pa 27 mpaka 29 mwezi umenewo, amayi adalawirira m'bandakucha, ana kumbuyo, kukaima pamzere wa chisankho choyamba cha zipani zambiri. M'dziko lonse, anthu oposa 8 mwa 10 alionse olembetsa adavota. Koma pachisankho cha pa 9 Okutobala 2024 ovota sadakwane theka la olembetsa.

Kodi lamulo lidasintha? Iyayi. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 36, akuti mwamuna ndi mkazi ngofanana pamaso pa lamulo, ngakhale pa ndale pomwe. Ndime 73 ikuti voti ndi ya aliyense, yofanana ndiponso yachinsinsi. Aliyense wa zaka 18 ali ndi ufulu wolembetsa. Tsono palibe amene angaime pakhomo la sukulu nkunena kuti "akazi bwererani." Komabe mayi angathe kutsekerezedwa mwakachetechete, popanda womukalipira.

Njira yoyamba ndi ya mapepala. Amayi ambiri akumudzi, makamaka obadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, alibe B.I. Ena amawanyoza kuti ndi alendo, iwo nkuchita manyazi, nkubwerera. Dziwani kuti lamulo la kalembera limalola anthu awiri olembetsa kale pamalo omwewo kukuchitirani umboni. Mfumu kapena mtsogoleri wa chipembedzo angathenso kutero.

Yachiwiri ndi mtunda ndi ntchito. Mayi wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta kapena cha ku Entre-Lagos akayenda ulendo wautali, nkupeza makina a kalembera azima, amaganiza za mpunga wa kudambo ndi ana osadya, ndipo mawa sabweranso. Bambo amakwera njinga nkukayesanso. Apa mudzi uyenera kuthandizana: ena asale ndi ana, njinga ibwerekedwe. Patsiku lovota, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala saima pamzere. Lamulo likuti ayambe ndiwo.

Yachitatu ndi mantha. Pali abambo amene amatsekera khadi la voti la akazi awo m'bokosi. Palinso anthu oyenda khomo ndi khomo kulemba manambala a makhadi, nkumati "tidzadziwa amene mwamuvotera," kapena "mukalakwitsa simudzalandira mbewu." Limeneli ndi bodza. Pepala lovotera lilibe dzina lanu, ndipo m'kachipinda kovotera mumalowa nokha. Kuopseza wovota kapena kumulanda khadi ndi mlandu.

Nanga wosadziwa kulemba? Asade nkhawa. Papepala pamakhala nkhope za opikisana ndi zizindikiro za zipani, ndipo nkololedwa kudinda ndi chala m'malo mwa cholembera. Womperekeza m'kachipinda ndi wa munthu wosaona kapena wolumala yekha, ndipo amamusankha mwini wake.

Dziko lino lidakhalapo ndi nduna yaikulu yachikazi, Mayi Luísa Diogo, kuyambira 2004 mpaka 2010. Ndiponso pangano la Africa la ufulu wa amayi adalivomereza mu 2003 mumzinda wathu womwe wa Maputo. Kuyambira 2023 tauni ya Insaca nayo ikusankha atsogoleri ake. Koma zonsezi n'zopanda pake ngati khadi la mayi lili m'thumba la munthu wina.

Kuno kwathu midzi yambiri nja chikamwini: munda, nkhokwe ndi ana zili m'manja mwa amayi. Bwanji voti yokha ikhale ya eni? Amayi inu, kalembera akadzayambanso, pitani msanga ndi anzanu awiri. Akakukanizani, funsani chifukwa, ndipo kadandauleni ku ofesi ya STAE kapena ku komiti ya chisankho ya boma lino ku Insaca. Paja safunsa adadya phula.