MANACESI ASAOLERE PANSI

Alimi anzanga a ku Mwanza, caka ndi caka m'miyezi ya June ndi July manacesi amapsa onse pamodzi. Madengu amadzaza m'mbali mwa mseu wa ku Zobue, ogula amatsitsa mtengo, ndipo otsala amangoolera pansi. Koma pofika October, dzuwa likuswa mtengo, ana alibe cipatso. Tiyeni tisungeko ena powasandutsa manyuci.

Sankhani manacesi akupsa bwino, osabvunda. Sendani, cotsani nthanga cifukwa zimawawitsa, finyani ndi kusefa pa kansalu koyera. Pa makapu 4 a madziwo thirani kapu 1 ya madzi a mandimu ndi makapu 5 a shuga. Shuga ndi mandimu ndiwo aletsa kusasa, tsono musaumire. Terekani pa moto wocepa mu poto wopanda dzimbiri, mukutakasa kufikira shuga atasungunuka. Akangoyamba kuwira phulani, pakuti akapsa nthawi yaitali amawawa.

Mabotolo ndi zotsekera zace muyambe mwaziwiritsa mphindi 10. Thiranimo manyuci akali amoto, tsekani, ndipo imikani mabotolowo m'madzi otentha, mutayala nsalu pansi, awire mphindi 20. Sungani pozizira, posafika dzuwa.

Pakumwa, sakanizani muyeso 1 wa manyuci ndi miyeso 5 ya madzi ophitsa. Amakomanso pa phala la ana ndi pa zitumbuwa. Botolo lotsegula limalizeni msanga, ndipo mukaona cuku kapena thobvu, tayani.

Mabulosi akapsa, citani cimodzimodzi.