Chifuwa chilichonse si TB

Khansa ya m'mapapo ndi matenda ozembera. Chotupa chikadali chaching'ono sichipweteka, ndiye munthu amangolima, amangopalasa bwato, osadziwa kanthu. Akamadzayamba kuonda ndi kutsokomola magazi, kawirikawiri matendawo amakhala atafalikira kale. N'chifukwa chake khansa imeneyi ikupha anthu ambiri padziko lonse kuposa khansa ina iliyonse.

Kumaiko a anzathu anapeza njira yoigwirira msanga. Pali makina otchedwa CT scan, omwe amazungulira chifuwa n'kujambula zithunzi zambirimbiri, ngati mmene timadulira buledi, kenako kompyuta n'kuziphatikiza. X-ray wamba imapereka chithunzi chimodzi basi, ndipo kachotupa kofanana ndi nyemba kangathe kubisala kuseri kwa nthiti kapena mtima. Pa CT kamaoneka.

Mu 2011 ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 53,000 osuta fodya kwambiri. Pakati pa omwe ankajambulidwa ndi CT chaka ndi chaka, imfa za khansayi zinachepa ndi 20 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ojambulidwa ndi X-ray. Mu 2020 kafukufuku wa ku Netherlands ndi Belgium anapezanso zofanana. Tsono makinawa amagwiradi ntchito, ine sindikutsutsa.

Koma tiyeni titenge nkhaniyi tipite nayo ku Ruarwe, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Usisya m'boma la Nkhata Bay. Kumeneko kulibe msewu wa galimoto. Wodwala amatuluka pa boti, kapena kudikira sitima ya Ilala, yomwe ikamayenda bwino imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera. Akafika pa boma pa Nkhata Bay, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu ukadalipo, ndipo thandizo lenileni la khansa lili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kodi munthu amene sakumva kupweteka paliponse angasiye ukonde wake chaka chilichonse kukajambulitsa mapapo mtunda wonsewo? Ndalama ya ulendo apereka ndani?

Palinso china chomwe otamanda makinawa satchula. Pa kafukufuku wa ku America uja, pafupifupi chithunzi chimodzi mwa zinayi chinaonetsa kanthu kokayikitsa, koma 96 pa 100 ya zokayikitsazo sizinali khansa ayi. Kwathu kuno, komwe anthu ambiri ali ndi zipsera za TB m'mapapo, zokayikitsa zingachuluke kuposa apo. Ngakhale ku America komweko sajambula aliyense. Malangizo awo a mu 2021 amatchula anthu a zaka 50 mpaka 80 omwe asuta mofanana ndi paketi imodzi pa tsiku kwa zaka 20.

Ndiye ine ndikuti vuto lathu loyamba si kujambula anthu abwinobwino. Vuto ndi la munthu wodwala kale amene tonse tamupatsa dzina loti "wa TB". Zizindikiro zake n'zofanana: chifuwa chosatha, kuonda, kupuma movutikira, magazi m'makhololo. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Ngati chomwe chili m'chifuwamo ndi khansa, miyezi imeneyo chotupa chimangokula, abale akuti "mankhwala sanamuyanje", ena ayamba kale kuloza zala mfiti.

Ndipo oti tiwakayikire alipo ambiri kunyanjaku. Alipo madala osuta chingambwe kuyambira ali anyamata. Alipo amayi omwe moyo wawo wonse akhala mu utsi wa nkhuni, kuphika ndi kuwamba nsomba. Aliponso agogo athu omwe anapita ku Joni pa Wenela ndi TEBA mpaka ulendowo unatha mu 1988, n'kubwerako ndi fumbi la miyala ya mu mgodi m'mapapo. Fumbi limenelo nalonso limayambitsa khansa.

Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo ndi lapafupi. Munthu wachikulire amene makhololo ake ayezedwa osapezeka TB koma chifuwa chikupitirira, kapena amene wamwa mankhwala miyezi iwiri osasintha, asabwezedwe kumudzi ndi panado. Alembedwe kalata, akhale woyamba pa mzere wa CT, ndipo makinawo akaonongeka akonzedwe msanga. Apa ndi pomwe makina ochepa omwe tili nawo angapulumutse moyo.

Inu a malonda m'tauni, ndinu amene mumatumiza ndalama kumudzi. Bambo akakuuzani pa foni kuti chifuwa chija sichikutha, musangotumiza ya mankhwala a pagolosale. Tumizani ya boti, ndipo kuchipatalako mufunse mwaulemu kuti, "Adokotala, ngati si TB, nanga n'chiyani?"

Ndipo inu ophunzira amene mwayamba kugula ndudu imodziimodzi pa benchi, dziwani kuti khansa ya m'mapapo yambiri imachokera ku fodya. Dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, koma pangano silingakuchotsereni ndudu pakamwa. Kusiya fodya sikulira boti, sikulira kalata ya dokotala, ndipo kumatheka ku Ndirande ngakhale ku Ruarwe.