Kuyatsa seva n'kosavuta, ntchito ili pa kuisunga

Kale kampani ikafuna seva inkaitanitsa makina, kudikira milungu ingapo, kukonza chipinda chozizira ndi kukoka mawaya. Masiku ano munthu amangolowa pa akaunti ya Amazon Web Services, Microsoft Azure kapena Google Cloud, n'kusankha dera, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Ubuntu, kukula kwa memori ndi disiki, kenako n'kudina batani. Pakangopita mphindi zochepa, virtual machine yayamba kugwira ntchito. Imeneyi ndi kompyuta yopanda thupi lakelake, chifukwa pulogalamu yotchedwa hypervisor imagawa makina amodzi aakulu kuti anthu osadziwana aliyense akhale ndi gawo lake lochita ngati kompyuta yathunthu. Amazon inayamba kubwereketsa makompyuta otere mu 2006 pansi pa dzina la EC2, pa masenti 10 a dola pa ola, ndipo ntchito yaikulu yowakonza inagwiridwa ndi mainjiniya a ku Cape Town motsogoleredwa ndi Chris Pinkham. Kuphweka kumeneku kwachititsa ena kuganiza kuti akatswiri oyang'anira maseva ntchito yawathera. Zoona zake n'zakuti luso lawo langochoka m'manja n'kupita m'mutu, ndipo udindo wawo wakula.

Anthuwa amadziwika ndi mayina osiyanasiyana, ena system administrator, ena cloud engineer, ena a DevOps, koma onse amalipidwa chifukwa cha zimene amasankha asanadine batani lija. Dera limasankhidwa poona kumene kuli ogwiritsa ntchito, poti uthenga wochokera ku Lusaka kapena ku Lilongwe umafika msanga ku South Africa kusiyana ndi ku Virginia. N'chifukwa chake zinali nkhani pamene Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndi Google ku Johannesburg mu 2024. Kenako pamabwera funso la makomo. Khomo la port 22, lomwe katswiri amaloweramo ndi kiyi ya SSH, likasiyidwa lotsegukira dziko lonse, mapulogalamu a akuba omwe amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku amayamba kuligogoda posakhalitsa. Wodziwa ntchito amalitsegulira maadiresi ochepa okha, amaika nthawi yosungira makope a zonse, ndipo amagona foni ili pafupi chifukwa seva ikagwa pakati pa usiku ndiye amene amadzutsidwa.

Wina anganene kuti chitetezo ndi nkhani ya makampani akuluakuluwo, popeza ali ndi ndalama ndi akatswiri ambirimbiri. Koma iwo eni amanena poyera kuti udindo ndi wogawana. Zili ngati nyumba ya lendi: mpanda ndi geti n'za mwini nyumba, koma kukhoma chitseko n'kwa wokhalamo. Mu 2019 banki ya Capital One ku America inaberedwa mbiri ya anthu oposa 100 miliyoni yomwe inali pa makina a Amazon. Wakubayo sanathyole makina a Amazon, anangopezerapo mwayi pa pulogalamu yoteteza ya bankiyo (firewall) yomwe inatcheredwa molakwika, ndipo chindapusa cha madola 80 miliyoni chinagwera bankiyo.

Enanso amati mapulogalamu monga Terraform, omwe amayatsa maseva mazana potsatira fayilo imodzi, achotsa kufunika kwa munthu. N'zoona kuti ntchito yobwerezabwereza yachepa, koma makina ochita zinthu mwachangu amafalitsanso cholakwa mwachangu chomwecho. Pa 28 February 2017 injiniya wa Amazon analakwitsa polemba lamulo limodzi n'kuzimitsa maseva ambiri kuposa amene ankafuna, ndipo ntchito yosungira mafayilo ya Amazon yotchedwa S3 ku Northern Virginia inasokonekera kwa maola pafupifupi 4, mawebusaiti ambiri n'kuima. Munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu yotere, m'pamene pamafunika wina wowerenga ntchito ya mnzake isanayambe kuyenda.

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe ambiri saiona ngati gawo la ntchitoyi. Virtual machine imalipiridwa nthawi yonse imene yayaka, kaya ikugwira ntchito kaya ayi, ndipo ngakhale itazimitsidwa disiki yake imawerengedwabe. Makina oyesera oiwalika amadya ndalama mwezi wonse, ndipo kiyi ikabedwa akuba amayatsa makina okwera mtengo okumbira cryptocurrency, bilu n'kupita kwa mwini akaunti. Kwa bungwe la ku Malawi lolipira m'madola, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakweza biluyo ngakhale pasanawonjezedwe seva ina iliyonse. Katswiri wozimitsa zosafunika ndi kuchepetsa makina okula mopyola muyeso amapulumutsa ndalama zooneka.

Ambiri amalowa ntchitoyi kudzera m'masatifiketi a makampani omwewo, ndipo ndi poyambira pabwino, koma satifiketi imangosonyeza kuti munthu akudziwa mabatani. Wolemba anthu ntchito asakhutire ndi kuona wofunsira ntchito akuyatsa seva. Amufunse kuti aibweza bwanji ikafa, angalowemo ndani, ndipo kumapeto kwa mwezi idya ndalama zingati.