Matondo a ku Kasungu: Zomwe Ofufuza Anaphunzira kwa Anthu a Kumudzi

Ine ndinakulira kumudzi kufupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, komwe fodya ndiye mbewu yopezera ndalama. Ndili mwana ndinkaona ngati anthu ophunzira akamalankhula za tizirombo amangotanthauza zoononga nazale ya fodya. M'nkhani ino ndifotokoza za kafukufuku wina amene anandisintha maganizo, komanso chifukwa chake wophunzira chiyankhulo ayenera kumudziwa.

Poyamba tione mawu oti "kachirombo". Mawuwa ali m'gulu la maina la Ka-Ti, ndipo tsinde lake ndi la "chirombo", chinthu cholusa kapena choononga. Choncho tikamamasulira sayansi ya tizirombo m'Chichewa timaika njuchi, ngumbi ndi udzudzu m'thumba limodzi la adani. Koma agogo anga sanatchulepo matondo kuti tizirombo. Kwa iwo matondo, mphalabungu, ngumbi ndi bwannoni ndi ndiwo. A Brian Morris, amene anaphunzitsa ku Goldsmiths ku London ndipo anakhala zaka zambiri m'Malawi, analemba buku lotchedwa Insects and Human Life mu 2004. Maziko a bukuli ndi maina ndi nzeru zomwe anatolera pocheza ndi anthu a m'midzi.

Kwathu nkhani ya tizirombo inayamba ndi chisoni. Mu 1922 boma la atsamunda linasandutsa dera lija nkhalango yotetezedwa, anthu atasamutsidwako chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafala ndi kashembe. Mu 1970 deralo linakhala paki. Kunja kwa malire ake mitengo inayamba kutha, pakuti minda ya fodya imafuna malo, zigafa zimafuna milimo, ndipo fodya woumitsa ndi moto amadya nkhuni zochuluka. Matondo anatsalira m'paki, momwe munthu wolowamo ankatengedwa ngati wakuba.

Mu 1990 nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire inalola mabanja ena kulowa m'pakimo kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi. A S. M. Munthali ndi a D. E. C. Mughogho anatsatira ntchitoyi ndipo anasindikiza zomwe anapeza mu 1992 m'magazini ya sayansi ya Biodiversity and Conservation. Mbozi zimene anafufuza ndi za mitundu iwiri, Gonimbrasia belina ndi Gynanisa maja, zomwe zimadya masamba a mitengo ya m'nkhalango za miombo.

Anapeza zinthu zitatu zikuluzikulu. Choyamba, matondo amapezeka kuyambira mu Okotobala mpaka mu Disembala, nthawi imene nkhokwe zayamba kuchepa ndipo ndalama za fodya zinatha kale. Chachiwiri, phindu la matondo ndi uchi linkaposa la chimanga, nyemba ndi mtedza pa malo ofanana kukula. Chachitatu chinali chokhudza moto. Tchire lotenthedwa msanga, udzu usanaumitsitse, linkabala matondo ambiri, pomwe moto wa m'chilimwe chenicheni unkaononga mazira ndi masamba omwe.

Phindu la kafukufukuyu linali loti anapereka umboni wa manambala pa zomwe otola matondo ankadziwa kale. Wosunga paki anaona kuti munthu amene amadyera m'nkhalango ali ndi chifukwa choitetezera ku moto wolusa. Wolemba za tizirombo todyedwa ku mayiko ena anapeza chitsanzo cha Kasungu choti atchule. Komabe ntchito yonseyi sikanatheka popanda amayi ndi abambo odziwa mtengo woyenera, mwezi woyenera ndi dzina la mbozi iliyonse. Maina awo sali pamwamba pa pepalalo, koma anali ofufuza anzawo.

Apa ndi pomwe chiyankhulo chikulowa. Dzina loti "matondo" limatikumbutsa mtengo wa mtondo, umene mbozizi zimadya masamba ake. M'mawu amodzi muli chakudya, mtengo ndi malo okachipeza. Tchuthi chapitachi ndinafunsa mng'ono wanga tanthauzo la mtondo, iye nandilozera wosinjiramo chimanga. Sanalakwe, koma mtengowo sanauonepo, popeza kuseri kwa nyumba yathu kuli mizere ya fodya yokhayokha. Agogo atamva anangoti, "Mwanayu adzadya chiyani chaka cha njala?"

Pomaliza, ndikuona kuti ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo lathu pa ntchitoyi. Wasayansi angathe kuyeza kulemera kwa matondo pa hekitala, koma wina ayenera kukhala pamphasa ndi agogo n'kulemba maina, mitengo yake ndi nyengo zake, eni mawuwo akadali moyo. Ine ndayamba ndi kope limodzi, ndipo tsamba loyamba ndi la mtondo.