Nkhope imabisa, manja amaulula: luso lowerenga mnzako pa makhadi ndi pa bawo

M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, kumene mabanja ambiri amadalira fodya wa bale, soya ndi mtedza, masewera a makhadi ndi bawo amafika pachimake msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, pamene ndalama za ku okushoni ya ku Kanengo zimayamba kuyenda m'misika ya Mponela, Madisi ndi Malomo. Masewera awiriwa amatha kuchitikira pakhonde limodzi, koma amasiyana pa mfundo yaikulu, chifukwa pa bawo maenje onse 32 ali poyera ndipo njere zonse 64 aliyense angaziwerenge, pamene pa makhadi munthu amaona ake okha, za mnzake n'kumangoganizira. Kusadziwako ndi kumene kumachititsa wosewera kuchotsa maso pa makhadi n'kuyamba kuyang'ana munthu amene wakhala naye moyang'anizana.

Kumene luso limeneli lafufuzidwa mozama ndi pa poker, masewera a makhadi amene mpikisano wake wotchuka, World Series of Poker, unayamba mu 1970 ku Las Vegas m'dziko la America. Pa mtundu wake wofala wotchedwa Texas Hold'em, aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ena asanu amayalidwa poyera pang'onopang'ono, ndipo munthu angapambane ngakhale ali ndi makhadi opanda pake malinga wabetcha molimba mtima mpaka mnzake kuchita mantha n'kugonja. Izi ndi zimene Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anachita pa mpikisanowu mu 2003 atatsala awiri ndi katswiri Sam Farha: anaponya zonse zimene anali nazo alibe khadi lodalirika, Farha anamuyang'ana nthawi yaitali koma sanatole kanthu pankhope yobisika ndi chipewa ndi magalasi akuda, mpaka anataya makhadi amene akanapambana nawo. Pamapeto pake Moneymaker anatenga mphoto ya madola 2.5 miliyoni.

Mike Caro, amene buku lake lonena za zizindikiro za osewera linatuluka mu 1984, anagawa zizindikirozi m'magulu awiri, zochita dala pofuna kupusitsa ndi zongotuluka mwini wake osadziwa. Za gulu loyamba zimatanthauza zosemphana ndi zimene zikuoneka, kotero kuti wosewera amene akuusa moyo n'kumayang'ana kumbali ngati watopa nawo masewera nthawi zambiri amakhala atagwira zabwino, pamene wotong'ola maso ndi kuponya ndalama mwaukali amakhala akubisa kufooka. Aliyense amene anaonapo wogula mbuzi pamsika akunyoza mbuzi yomwe waikonda, n'kunyamuka ngati akupita kuti mtengo utsike, sangadabwe nazo. Za gulu lachiwiri n'zovuta kuziletsa, ndipo chodziwika kwambiri ndi kunjenjemera kwa dzanja, kumene ongoyamba kumene amakuyesa mantha a munthu wonama, chonsecho kawirikawiri kumabwera ndi chisangalalo cha munthu amene wapeza makhadi amphamvu. Wonama ndiye amauma thupi, n'kusiya ngakhale kutafuna chimene anali nacho m'kamwa.

Kafukufuku wa Michael Slepian ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya Psychological Science, anatsimikizira kuti nkhope si mboni yodalirika. Anthu anaonetsedwa timakanema ta masekondi ochepa ta mpikisano wa World Series of Poker wa 2009, ndipo amene anaona nkhope zokha analephera kuzindikira mphamvu ya makhadi, pamene amene anaona mikono yokha ikukankha ndalama analondola kuposa mmene mwayi wokha ukanaperekera. Dzanja la munthu wodzidalira linkayenda mosadodoma. Zikuoneka kuti akatswiri amathera nthawi yawo kuphunzitsa nkhope kukhala chete, mikono n'kuiwalika.

Komabe chizindikiro chilichonse chimakhala ndi tanthauzo pokhapokha munthu akudziwa mmene mnzakeyo amakhalira masiku onse, ndipo apa ndi pamene wosewera wa kumapiri a Ntchisi ali ndi mwayi umene katswiri wa ku Las Vegas alibe. Pa mpikisano waukulu anthu amasinthidwa matebulo ndipo amakumana ndi alendo okhaokha, koma pamudzi kapena pa kamsika anthu amasewera ndi amene anakula nawo, amene akudziwa kuti uje akayamba nthabwala ndiye kuti zamuvuta, ndipo uje akapanikiza makhadi pachifuwa ndiye kuti wagwira kanthu. Chifukwa chake mlendo wofika tsiku la msika amaopedwa, popeza iye amatha kuona gulu lonse likusewera asanakhale pansi, pamene gululo silidziwa chilichonse cha iye.

Pa bawo funso limakhala lina, pakuti chimene chimawerengedwa si zimene munthu wagwira koma ngati waona msampha. Wosewera amene watchera njira yodyera njere zambiri amapewa kuyang'ana dzenje limene akulifuna, chifukwa maso ake akakhalitsa pamenepo mnzake amayambanso kuwerenga mzere womwewo, ndipo chala chimene chimayendayenda pamwamba pa maenje powerenga chimaulula mbali imene maganizo ali. Akuluakulu ozolowera amawerenga chamumtima manja ali pamaondo, ndipo amadana ndi oonerera amene amatsokomola kapena kuguguda phazi pa nthawi yolakwika, chifukwa nthawi zambiri chinsinsi chimaululidwa ndi iwowo.

Phindu la luso limeneli ndi lochepa kusiyana ndi mmene otchova njuga amaganizira. Akatswiri a poker amadalira kwambiri masamu a mwayi ndi mabetchedwe a mnzawo, ndipo zizindikiro za thupi amazigwiritsa ntchito pokhapokha masamuwo akalephera kudula mlandu. Njuga zambiri za m'misika zimayendera mwayi basi, mwinanso chinyengo cha wogawa makhadi, ndipo sizikhala ndi chilolezo cha bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene limayang'anira masewera obetcha potsatira lamulo la 2022, kotero kuti mlimi amene waluza ndalama za fodya pa njuga yotere alibe kokadandaula.