Katemera wa kuwola kwa mano: n'chifukwa chiyani wachedwa?

Ana amalandira katemera wa chikuku, poliyo ndi kafumbata, koma imodzi mwa nthenda zofala kwambiri padziko lapansi ilibe katemera mpaka lero. Nthendayi ndi kuwola kwa mano. Malinga ndi lipoti lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2022, anthu pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano obowoka, ndipo ana oposa 500 miliyoni ali ndi vutoli m'mano awo a ubwana.

Kachilombo komwe akatswiri a sayansi akhala akulimbana nako ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus mutans, yemwe J. Kilian Clarke wa ku Britain adamupeza m'mano owola m'chaka cha 1924. Mu 1960, Robert Fitzgerald ndi Paul Keyes a ku America adaonetsa kuti tinyama totchedwa hamster timapatsirana nthendayi kudzera mwa mabakiteriya. Apa m'pomwe padabadwira ganizo lakuti ngati kuwola kwa mano kumayamba ndi kachilombo, katemera akhoza kukuletsa.

Bakiteriyayu amagwira ntchito ziwiri zoononga. Munthu akadya shuga, iye amasandutsa gawo lina la shugayo kukhala zomata zonga ulimbo, zomwe zimamuthandiza kukakamira padzino pamodzi ndi anzake. Gawo lotsalalo amalisandutsa asidi, yemwe amasungunula pang'onopang'ono chikuto cholimba cha dzino mpaka pamachitika bowo. Choncho cholinga cha katemera n'kuphunzitsa thupi kupanga asilikali oti alepheretse kachilomboka kumatirira. Kakalephera kugwira dzino, malovu amakakokolola.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Thomas Lehner ndi anzake a pachipatala cha Guy's mumzinda wa London adayesa katemera wotere pa apusi, ndipo mano a apusiwo adatetezeka ndithu. Ku Forsyth Institute mumzinda wa Boston, Martin Taubman ndi Daniel Smith adatha zaka zambiri akufufuza katemera wolimbana ndi mphamvu yomwe bakiteriyayu amapangira ulimbo uja. Mu 1998, Julian Ma wa ku Guy's komweko adayesa njira ina: adapanga asilikali a chitetezo m'masamba a fodya wosinthidwa mwasayansi n'kuwapaka pamano a anthu odzipereka, ndipo kachilomboka kadatha miyezi ingapo kasadabwerere m'kamwa mwawo. Nako ku China, ofufuza a mumzinda wa Wuhan adalengeza mu 2017 kuti katemera wodonthezera m'mphuno wachepetsa kuwola kwa mano pa makoswe.

Nanga zakanika pati? Vuto loyamba ndi malo omwe nthendayi imachitikira. Akatemera ambiri amadzutsa asilikali a m'magazi, pomwe kunja kwa dzino sikufika magazi. Chitetezo chofunika chiyenera kupezeka m'malovu, ndipo chitetezo chotere chimavuta kuchidzutsa komanso sichikhalitsa. N'chifukwa chake ofufuza ambiri adatembenukira ku katemera wodzera m'mphuno kapena pakamwa.

Vuto lachiwiri ndi lakuti Streptococcus mutans sali yekha. M'kamwa mwa munthu mumakhala mitundu mazanamazana ya mabakiteriya, ndipo ena, monga a mtundu wa Lactobacillus, nawonso amapanga asidi. Kugonjetsa mmodzi sikutanthauza kuti dzino lapulumuka ngati mwini wake akupitiriza kudya zotsekemera pafupipafupi.

Chachitatu ndi nkhani ya chitetezo cha wolandira. Kafukufuku woyambirira pa akalulu adadzetsa mantha akuti asilikali opangidwa polimbana ndi bakiteriya wathunthu akhoza kuukiranso minofu ya mtima. Kuyambira pamenepo ofufuza amangogwiritsa ntchito tizidutswa tosankhidwa bwino ta kachilomboka. Komanso woyenera kulandira katemerayu ndi mwana wamng'ono, poti kachilomboka kamakhazikika m'kamwa mano akangomera, makamaka mwana akamayandikira zaka ziwiri, ndipo kawirikawiri kamachokera m'malovu a mayi kapena omulera. Popeza kuwola kwa mano sikupha kawirikawiri, mabungwe ovomereza mankhwala sangalole katemera wokhala ndi chiopsezo ngakhale chochepa pa khanda lathanzi. Kuyesa kotsimikizira zimenezi kumatenga zaka zambiri ndiponso ndalama zankhaninkhani.

Omwe angapindule kwambiri katemerayu atapezeka ndi anthu a m'maiko momwe madokotala a mano ndi ochepa, komwe ambiri amapita kuchipatala dzino litafika kale poti lizulidwe. Pakadali pano chitetezo chodalirika ndi chomwe chilipo kale: kutsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, kuchepetsa shuga mu tiyi, maswiti ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, komanso kukaonetsa dzino kuchipatala lisadayambe kupweteka.